Maola asanu ndi awiri a Sophie

Rosemary Kombe wa ku Matero sanakwerepo ndege, koma mukamufunsa za ulendo wa ku Dubai amayankha asanameze mate: makilomita opitirira 5,000 kuchokera ku Lusaka, maola asanu ndi awiri m'mwamba. Sanaziloweze pozikonda ayi. Amazimva kwa amayi ake tsiku lililonse.

Ine nyumba yanga ndi yoyandikana ndi yawo, ndiye zambiri ndimaziona. Rosemary amagulitsa mpunga pamsika, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ndiye wakhala akusamala amayi akewo, omwe amadwala shuga. Kuwasambitsa ndi iye, kufola nawo kukiliniki ndi iye, phala lopanda shuga m'mawa uliwonse ndi iye yemweyo. Mng'ono wake Sophie amagwira ntchito muhotela ku Dubai, ndipo yake ndi foni ya Lamlungu basi. Koma mlendo akangokhala pampando, mayiwo amayamba.

"Sophie wanga sali kutali. Ni maawazi seveni chabe."

Rosemary ankachita nsanje, ndipo sankabisa. Anandiuza kuti safuna Dubai, safuna ndege; akungofuna tsiku limodzi amayi ake amutchule dzina pamaso pa anthu.

Chaka chatha m'nyengo yozizira anapita ku Nakonde kukaoda mpunga. Ali komweko, mayiwo anakomoka pakhonde. Titawagoneka kuchipatala ndinaimbira ana onse awiri, wina pambuyo pa mnzake. Rosemary anati nthawi ino woyamba kufika akhala iye, poti Nakonde ndi m'Zambia mommuno, makilomita chikwi okha.

Basi yake inayamba yadikira kuti idzaze. Kenaka inafera kufupi ndi Mpika, makaniko n'kukhala pansi pake theka la tsiku. Sophie anakwera ndege m'mawa wotsatira, madzulo ali pambali pa bedi, akununkhira perefyumu. Rosemary anatulukira tsiku lachitatu, fumbi mpaka m'nsidze, mapazi atatupa. Ndinamumvera chisoni.

Anapeza amayi atatsitsimuka, atazunguliridwa ndi azimayi a kutchalitchi, Sophie akuwamwetsa phala la m'kapu. Mayiwo anamuyang'ana kamodzi n'kutembenukira kwa alendo.

"Mwaona ka? Wa ku Dubai anafika kudala. Uyu wapafupi ndiye wafika manje."

Azimayi anaseka. Rosemary sanaseke, anangoima pamenepo atakumbatira chikwama. Kenaka mayiwo analawa phala lija, nakwinya nkhope, n'kukankha sipuni. Sophie anali atathiramo shuga, masipuni awiri odzaza, monga ankachitira kale asanapite kunja.

"Uyu mwana waiwala, si mlandu wake, ankhala kutali," anatero mayiwo. Anatenga kapu ija n'kuitambasulira kumbali kwa Rosemary osayang'anako. "Iwe, kaphike linangu."

Ndinadikira kuti mwina amutchula dzina. Rosemary nayenso anadikira pang'ono. Kenaka anaika chikwama pansi, nalandira kapu.