Kugogoda Kopanda Odi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala kudziko la azungu, m'dera la Highfields, m'nyumba zogundizana zija zoti mnansi akatsokomola iwe umamva. Pakhomo pathu panali lamulo limodzi: munthu akagogoda osanena kuti "Odi", chitseko sichitsegulidwa. Lamuloli analiika chifukwa cha amayi aang'ono, a Edina, amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi. Viza yawo inali itatha kalekale, ndipo kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby ankagwira ntchito pa dzina la munthu wina. Wa positi akagogoda, iwo ankangoima chilili pamasitepe mpaka mapazi ake amveke patali.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu ankationetsa sewero la pa TV Lachisanu lililonse, lonena za mabanja a mitundu yosiyanasiyana okhala mumsewu umodzi. Gawo lina linali la mayi wa ku Africa wosamalira okalamba koma wopanda mapepala. Abale inu, ngakhale kamangidwe ka duku kanali ka a Edina! Kanali koyamba kuona munthu ngati wa kwathu pa TV, kalasi yonse ikumumvera chisoni.

Atazimitsa TV, aphunzitsi anati m'kalasi muno nkhani ya aliyense ndi yofunika, munthu asaope kulankhula. Ine ndi pakamwa pangapa! Zaka zitatu ndinali mtsikana wa kumbuyo amene dzina lake ankangolipotoza. Ndinakweza dzanja n'kukhuthula zonse: za odi, za dzina lobwereka, mpaka basi imene ankakwera. Anzanga anawomba m'manja. Ndisaname, ndinasangalala.

Ndinafika kunyumba ndikudzitama. Amayi ankasita yunifomu yawo ya kuchipatala, ndipo anaimika simbi pang'onopang'ono. A Edina sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "M'kalasimo muli ana angati, mwanawe?"

Ndinayankha kuti makumi atatu.

"Ndiye kuti makomo makumi atatu," iwo anatero.

Sabata yonse yotsatira makatani sanatsegulidwe. A Edina anasiya kupita ku shifiti, ngakhale kutchalitchi. Ankakhala masana onse atavala jekete ndi nsapato, chikwama chili pamiyendo. Galimoto ikaima panja, amayi ankatseka mpopi n'kutchera khutu. Palibe anandimenya, ndipo ndinkalakalaka atangondimenya zithe.

Lachinayi madzulo wina anagogoda katatu, popanda odi. Tinauma. Anagogodanso, kenako kapepala kanalowa pakabowo ka makalata n'kugwera pansi. Anali aphunzitsi aja. Analemba kuti nkhani yanga inawakhudza mtima, awafotokozera anzawo kuofesi ya sukulu, ndipo onse akufuna kuthandiza banja lathu. Anali mawu achifundo okhaokha, koma amayi atawawerenga anapita kukaona ngati chitseko chinali chokhoma.

Loweruka m'mawa a Edina anandikhazika pansi, pakati pa miyendo yawo, kuti andiluke tsitsi monga mwa nthawi zonse. Ndinapepesa m'Chingerezi, poti m'Chichewa mawu ankandikanika.

"Uja wa pa TV uja," anatero akukoka tsitsi, "akamaliza kujambula amavula duku n'kupita kwawo. Nanga ine ndivula chiyani?"

Atamaliza kuluka ananyamula chikwama n'kupita ku Hyson Green, ku Nottingham, kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankapemphera naye. Patapita miyezi iwiri anasamukanso n'kusintha nambala ya foni. Ife sanatiuze kumene anapita, ndipo ine ndinadziwa chifukwa chake.

A imigireshoni sanabwere pakhomo pathu, ngakhale tsiku limodzi. Zimenezi n'zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndilibe wina woti ndimuloze chala. Sewero lija silinaname, aphunzitsi sanali munthu woipa, ndipo ine ndinkangofuna kuti andione. Koma lero ndikudziwa kuti nkhani imene ndinawomberedwa nayo m'manja sinali yanga. Mwini wake ankaibisa tsiku ndi tsiku kuti akhale nafe.

Amayi akukhalabe m'nyumba yomweyo, akuti mng'ono wawo angadzawasowe. Mpaka pano akamva "Odi" wa mawu achizimayi amathamangira kuchitseko, ine n'kuyang'ana pansi.