A Misomali ndi kabokosi kopanda pansi

Mwezi wathawu mpingo wathu unaika m'manda bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Misomali, chifukwa pogwira ntchito ankaluma misomali n'kumayankha anthu ndi mutu. Tchalitchi chinadzaza, maluwa mbwee. Zinali bwino ndithu, koma ambiri amene analira mokweza tsikulo ndi omwe ankawoloka msewu akawaona ali moyo.

Anabadwira m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Ali mwana, mlongo wawo wamng'ono anamwalira chaka cha njala, ndipo atate awo anachita kuzula chitseko kuti akhome bokosi. Sukulu sanapite nayo patali. Anaphunzira ukalipentala, nakwatira mayi wogulitsa masamba, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamwamuna. Kutchalitchi sankajomba. Benchi logwedera, zenera lokana kutseka, ankakonza osauzidwa, ndipo Lamulungu ankawerenga mawu pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Ntchito yawo yeniyeni inali yokhoma mabokosi a maliro. Mabokosi a ana sankakhomeratu. "Kukhomeratu n'kuitana," ankatero. Mwana akamwalira ankapita okha kunyumbako ndi chingwe, kupemphera kaye, kenako kuyeza. Chingwecho n'chimene chinawapsetsa mtima. Mayi akuti mwana anali wa zaka zisanu, koma chingwe chikufanana ndi cha mwana wongoyamba kuyenda. Timatabwa totsala pa bokosi la munthu wamkulu tinkakwanira.

"Tisamunamizire Mulungu," anauza akazi awo tsiku lina, akuponya hamala pansi. "Ana awa akuphedwa ndi njala, madzi oipa ndi chipatala chopanda mankhwala. Ndipo alipo anthu amene analembedwa ntchito yoti zimenezi zisachitike."

Apa m'pamene anaswa lamulo lawo lomwe. Anakhoma kabokosi kopanda mwini, koma pansi pake sanaikepo thabwa, kuti mwana aliyense asadzagonemo. Anakasenza paphewa kupita nako pa geti la maofesi akuluakulu a boma, pamene amayi a mumsika, aphunzitsi ndi anamwino ochepa ankasonkhana Lachitatu lililonse ndi zikwangwani, kupempha chakudya m'masukulu, mankhwala m'zipatala ndi madzi abwino. A Misomali sankakuwa. Ankangoima, kabokosi kali paphewa, milomo ikuyenda ndi pemphero.

Atamva pa wailesi kuti kudziko lina lakutali ana akutha ndi chilala, anaumirira kuti zikwangwani zinenenso za iwowo, boma litumize thandizo ndi kudzutsa maboma anzake. Anthu anaseka. "Akwanu simunawathe, mukufuna a kutsidya kwa nyanja?"

"Mwana wa kumeneko akamwalira, chingwe chake n'chachifupi chimodzimodzi," anayankha.

Koma vuto linali m'nyumba mwawo momwe. Mwana wawo uja anali atakula, ali ndi ana akeake, ndipo ankagwira udalaivala, kuyendetsa bwana wamkulu wa m'maofesi omwewo. Lachitatu lililonse ankalowa pa geti lomwelo, maso ali kutsogolo, bambo ake ali chilili pambali. Tsiku lina anabwera ku shopu ya bambo ake, naima pakati pa utuchi.

"Bambo, mundichotsetsa ntchito. Abwana adziwa kuti ndinu bambo anga. Adzukulu anu adya chiyani?"

A Misomali anachotsa misomali pakamwa. Funsolo linawalasa, pakuti ankadziwa bwino kumene ana osadya amathera.

"Mwana wanga, ndikasiya, ndikawauza chiyani amayi amene ndimalowa m'nyumba zawo ndi chingwe?"

"Ndiye mwasankha ana a eni."

Lachitatu lotsatira bwana uja anauza dalaivala wake kuti achotse mdalayo pa geti, apo ayi asiye makiyi. Mwanayo anatsika, nalanda kabokosi paphewa pa bambo ake, n'kukamenyetsa pansi pamaso pa anthu. Mayi wina atamufunsa ngati alibe manyazi, iye anati, "Mdala ameneyu sindikumudziwa." A Misomali anawerama, natola matabwa limodzilimodzi. Sabata yotsatira kabokosi kanali paphewa, kokhomedwanso. Mwanayo kunyumba kwa makolo ake sanapondekonso, ngakhale pamene mayi ake ankadwala.

Nanga mpingo unatani? Akuluakulu anawaitana n'kuwauza kuti ndale asalowe nazo m'nyumba ya Mulungu, ndipo anawaletsa kuwerenga mawu. Ife amene timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe tinangoti zii, ngati tamwa madzi otentha. Zochititsa manyazi. Iwo sanadandaule. Anasamukira kumbuyo, ndipo benchi likagwedera ankabwerabe ndi hamala.

Zaka zinapita, gulu la pa geti linkakula n'kumachepa. Boma linayamba kupereka chakudya m'masukulu ena, mabwana n'kujambulitsa akumwetulira ngati nzeruzo zinali zawo. Mankhwala ankabwera mwezi uno, mwezi winawo osaoneka. A Misomali anakalamba, akazi awo anatsogola, phewa linayamba kukana, ndiye amayi a mumsika ankawasenzera kabokosi iwo atakhala pa kampando. Za mwana wawo sankanena choipa. Aliyense wochokera mbali imene iye ankakhala ankamufunsa funso limodzi, ngati adzukulu awo akukula.

Atagonekedwa ndi matenda, maso awo sankachoka pakhomo. Anthu ankalowa, kupemphera, kutuluka, iwo n'kumayang'anabe. Masana ena mwana wawo uja analowa, imvi zitayamba m'mutu, yunifolomu ili m'thupi. Anagwada pafupi ndi bedi.

"Ana akudya?" anafunsa a Misomali.

"Akudya, bambo."

"Ndiye wachita bwino, mwana wanga. Ndinkaopa kuti ndawalanda chakudya." Anamugwira dzanja. "Za pa geti zija ndinakhululuka tsiku lomwelo. Unali ndi mantha, inenso ndinali nawo."

Anapempha kuti awawerengere salimo, ndipo asanafike kumapeto anatsinzina mwakachetechete, dzanja la mwana wawo lili m'manja.

Lachitatu lotsatira maliro, amayi a mumsika aja anaima pa geti monga mwa nthawi zonse. Galimoto ya bwana inafika, geti linatsegulidwa, koma dalaivala anaima pakati penipeni, nazimitsa injini, natsitsa magalasi onse.

"Galimotoyi yatani?" anafunsa bwana ali kumbuyo.

"Ili bwinobwino, bwana. Ndikufuna mumve zimene akunena anthuwa."

Bwanayo anakhala momwemo, mahutala akulira kumbuyo, mpaka amayi anamaliza zonse zimene anabwera nazo. Makiyi anamulanda tsiku lomwelo.

Pano mwana wa a Misomali ali pa ulova, ndipo ana ake amapemphera nafe Lamulungu lililonse. Chimene bambo aja ankaopa moyo wawo wonse chafika pakhomo pa adzukulu awo. Maluwa tinagula, nyimbo tinaimba. Tsopano tionane Lachitatu pa geti, ndipo pobwera tidzere kunyumba kwa anawo tisali chimanjamanja.