Airishi ndi Dzina la Anthu

Chaka chimenecho kachewere wa amayi ku Kaphuka anayamba kufota dzuwa likakwera, m'mawa n'kudzukanso ngati palibe kanthu. Munda wake ndi umodzi womwewo, wotidyetsa tonse. Amayi anandiimbira foni ndili kukoleji: "Iwe wophunzirawe, tafunsa makina akowo. Tapopera mankhwala a chiwawu kawiri konse, koma ayi ndithu."

Ndinapita ku laibulale kukuzizira, nkhungu itaphimba mitengo ya paini. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinalemba kuti kachewere pa kompyuta: zii! Ndiye ndinalemba m'Chingerezi monga timatchulira kwathu, airishi. Mayo ine! Kunatuluka nkhani za njala yakalekale ya ku Ulaya, zithunzi za manda ndi anthu nthiti zili pamtunda. 

Abambo oyang'anira laibulale, achikulire ovala juzi lofiira, anandipeza ndikumenya tebulo. "Pepani achemwali, tebulolo silinalakwe. Airishi ndi dzina la anthu, ndiye makinawa akukupatsani anthuwo. Lembani dzina lasayansi la mbewuyo m'mitengero, kenako muwonjezere zimene maso akuona, osati matenda amene mukuwaganizira."

Ndinachita manyazi, koma ndinamvera, n'kuwonjezera zimene amayi ankaona kumunda. Kufota. Masamba akadali obiriwira. Maso a kachewere akutuluka mafinya. Zolemba zambirimbiri zija zinatsala zowerengeka, ndipo zonse zinkanena chimodzi: si chiwawu. Ndi kachilombo ka m'nthaka kopanda mankhwala, kamakhala m'munda zaka ndi zaka, kamayenda ndi mbewu, khasu, madzi othirira, ngakhale matope a kumapazi. Pepala lina linati udule tsinde, uliviike m'tambula ya madzi, uone.

Ndinatuluka panja n'kuimba foni kumudzi. Amayi anadula tsinde, analiviika m'madzi, ine ndikungomva mphepo pa foni.

"Kukutsika timaulusi toyera ngati mkaka. Ndiye kuti chiyani?"

Chinali chizindikiro chenicheni cha kachilombo kaja. "Musadzadzalemonso kachewere, amayi. Mbewu yotsala ija musasunge, ndipo musapatse munthu aliyense."

Amayi anayankha motsitsa mawu:

"Azakhali ako anabwera ndi dengu sabata yatha, ndinawapatsa. Adzala kale kudimba kwawo, kumtunda kuja. Madzi ake ndi omwe amatsikira m'madimba a mudzi wonse."