Malichero Atatu ndi Pempho la Mtsikana wa ku Mbungo

Ine ntchito yanga yoyamba ndinayipeza ndili ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, eee, imvi zili mbuu! Chinali chaka cha 2004. Ndinkachokera kwathu ku Yofu kukagulitsa usipa ku Chipyela, ndiye a Monika, mwana wapachilumba pompano amene anakaphunzira za makompyuta kumtunda, anandiona ndikusankha nsomba, zazikulu uku, zoswekasweka uko. Akuti, "Amayi, manja amenewa ndikuwafuna." Ine ndikuti, "Mwanangu, kuwerenga ndimachita kukwawa." Akuti, "Kukwawa komweko."

Iwo ndi anzawo a ku Zomba ankakonza chiyankhulo choyankhulira ndi kompyuta. Umaiuza zoona: Mariya anabala Luka, Luka anabala Tereza. Umaipatsa lamulo: wobala kholo lako ndi agogo ako. Ukaifunsa kuti agogo a Tereza ndani, yokha imalumikiza n'kuyankha. Kuno ankachiyesa pofufuza abale a ana amasiye. Aliyense wochiyesa ankalemba pakapepala chimene akufuna chikonzedwe, n'kundipatsa ine.

Zida zanga zinali malichero atatu, mapegi oyanikira zovala ndi pensulo. Pepala lililonse ndilipatse nambala. Onena chinthu chimodzi ndiwapanire pegi imodzi. Lichero loyamba la zothyoka, lachiwiri la zosowa, lachitatu la zongokometsera. A ku Zomba ankakonza kamodzi pachaka, ndipo ankalandira mapempho asanu okha. Asanu basi!

Sabata yosankha asanuwo, a Monika anagona ndi malungo. Ndinasankha ndekha, ndipo ndinasankha monga tinaleredwera. Pamwamba ndinaika la a Barnaba, mkulu amene anakalambira ku migodi ya ku Joni, lofuna kuti kompyuta iziyamba yapereka moni. Kenako la aphunzitsi opuma, lofuna zilembo zamitundumitundu. Akulu patsogolo, akulu patsogolo, ana pambuyo. Ndinamata envulopu mtima uli mbee.

Tsiku la sitima yapamadzi yonyamula makalata a Monika anadzuka akunjenjemera, natsegula envulopu ija. Anawerenga, nakhala pansi.

"Amayi, pempho la Rute lili kuti?"

Rute anali mtsikana wa ku Mbungo wolemba maina a ana amasiye. Ndikuti, "Ndi mwana uja, adikire akuluakulu."

Sanakalipe. Anangolumikiza kompyuta ku batire, nalemba funso la abale a mwana wina wamasiye wa ku Mbungo. Kunotu timakwatirana pachisuweni, mtundu umapita n'kubwerera pomwepo. Kompyuta ija inayamba kuzungulira, kwa amalume, kwa asuweni, kwa amalume omwewo, osayankha, osayankha, mpaka batire linayamba kulira.

"Mwaona? Rute akupempha kuti izikumbukira pamene yadutsa kale. Izi zikapanda kupita lero, ana aja adikira chaka china, ndipo ntchito ino aitseka. Moni wa a Barnaba sapeza azakhali a munthu."

Mayo ine! Sitima inali italira kale kamodzi, maboti akututa anthu. Ndinakhuthula malichero onse pamkeka. Kuwerenga mapepala onsewo, sitima ikanafika ku Nkhata Bay ine ndili papepala lachiwiri. Koma wobweretsa pepala aliyense ankandiuzanso pakamwa, ndipo ine chimene ndamva ndimachiimba pobwerera kunyumba. Ndiye ndinangoyang'ana nambala n'kuyamba: iyi ya anamwino, imazungulira. Iyi ya aphunzitsi aang'ono, siima. Iyi ya akalaliki, imadya batire. Mawu osiyana, matenda amodzi! Onsewo ndinali nditawabalalitsa chifukwa eni ake sanali amsinkhu umodzi. Ndinawapanira pegi imodzi, la Rute pamwamba. A Monika analemba mndandanda watsopano.

Ndinathamanga, agogo ine, chitenje m'manja, mpaka m'madzi ofika m'mawondo. Envulopu ndinapatsa mayi wina wa geni ya nsomba amene anali kale m'boti lomaliza. Akuti, "Mwatumiza mwamuna kodi, mukulira chonchi?"

A Barnaba, pempho lawo litatsala, anandinyanyala milungu itatu. Ndinapita ndekha kukagwada, n'kuwafotokozera za mwana wamasiye uja. Akuti, "Moni ndizipereka ndekha."

Itapita miyezi inafika diski ya zokonzedwa kuchokera ku Zomba. A Monika analemba funso lomwe lija, ine nditagwira pamtima. Kuphethira kamodzi, dzina linatuluka: azakhali a mwana wamasiye uja, ali moyo, akulima chinangwa kutsidya ku Mozambiki. Ndinalulutira mpaka a mumsika anabwera kudzaona amene wabadwa.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zinayi. Akulu ndimawagwadirabe mpaka lero, ndipo ndidzawagwadira. Koma pepala likafika m'manja mwanga, dzina la mwini wake ndimaliphimba ndi chala, n'kufunsa kuti likapanda kupita, alire ndani.