Miyala Yosawala

Chaka china tinachititsa lendi kanyumba kathu kakuseri ku Katawa. Munalowa mtsikana wobadwira mu Mzuzu momwemo, wophunzira za miyala. Ntchito yake inali kufufuza mtovu ndi zinki, chitsulo chija amakutira malata kuti asachite dzimbiri, kumapiri akutali kumene galimoto imalekezera panjira, kotsalako n'kuyenda wapansi. Akapita ankatha milungu, n'kubwera atapsa ndi dzuwa, atasenza matumba a miyala.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mabuku apakaunjika ndawerenga ambiri, ena opanda chikuto, ena opanda mathero. Limodzi linali la migodi. Basi ndinadzilemba ndekha ntchito yaulangizi, mwiniwake osandipempha.

Loweruka lina ndinamupeza pakhonde ataswa miyala ndi nyundo, ataiunjika palona. Anausakaniza muluwo, kuugawa panayi ndi kathabwa, kutenga magawo awiri oyang'anizana, enawo n'kukankhira pambali. Mwa yokankhidwayo munali timiyala tonyezimira ngati siliva.

"Mwanangu, ukutaya mtovu weniweni! Tola towalato, tumiza timeneto koyeza."

"Adada, kumene kagwera, kagwera."

"Nanga si unati zotsatira zikafooka, mabwana ako atseka msasa wanu wa kuphiri?"

"Atsekadi, ndipo ine ntchito ithera pomwepo. Koma ndikasankha yokongola yokhayokha, kulabotale akayeza maso anga, osati phiri. Anthu adzalambula msewu ndi kusamutsa minda ya eni ake chifukwa cha thumba labodza."

Mayi akunyumba, amene ankayanika zovala chapafupi, anaponyamo mawu: "Abambo, buku lanu lija lilibe masamba akumapeto. Mwina zimenezi zinali m'menemo."

Matumba anapita koyeza. Mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kukata inayamba, yankho osabwera. Mtsikanayo sanadandaule. M'mawa ankangoti, "Mwawuka uli, adada?" monga mwa masiku onse. Koma ndinaona makatoni opanda kanthu amene anapempha kugolosale akuchulukana pakhonde pake, ndipo ndinadziwa kuti wayamba kukonzekera kusamuka. Mumtima ndinkamuimbabe mlandu: akanangondimvera!

Yankho litafika, anadzatiuza yekha, ataima pakhomo ndi ambulera. Mtovu unapezeka wochepa, wosakwana kukumbira mgodi. Koma zinki inali yambiri, ndipo inabisala m'miyala yosawala, yofiirira, yooneka ngati zidutswa za njerwa, imene ine ndikanangotchingira chitseko. Mabwana ake anamulola kukaboola phirilo chilimwe chotsatira.

Makatoni anabwerera kugolosale. Kenako mtsikanayo anandipatsa kamwala kamodzi konyezimira, kolemera modabwitsa.

"Aka n'kanu, adada. Yewo chomene chifukwa cha ulangizi. Koma mukakagwira muzisamba m'manja, mtovu ndi poizoni."

Ndidakali nako. Ndimatsindira buku la migodi lija, kuti mphepo isauluze masamba otsalawo.