Mkulu wa Bayisikopo Pageti

Bambo oyandikana nafe ku Ndeke sakhulupirira filimu yothera pabwino. Kale ankaonetsa bayisikopo kuholo ya mgodi, ndipo amakonda kusimba za filimu ina ya ku Italy, yopangidwa nkhondo itangotha. Munali anthu wamba okhaokha, a nsapato zong'ambika, akusaka ntchito. Oonera ankadikira Jeke, dzina limene ankapatsa ngwazi iliyonse yapahatchi. Ataona kuti sakutulukira, anagenda chinsalu choonetserapo filimu ndi zitsononkho.

Sabata ino kumgodi akuchotsa anthu ntchito, ndipo mdzukulu wa bambowa, Reginald, amagwira komweko. Mkuluyu sakuchoka pageti la nyumba yawo, maso ali kumsewu.

"Bambo, mwina zikhala bwino," ndinawauza dzulo.

"Mwanawe, filimu ija ine ndinaionera mpaka kumapeto," anayankha osandiyang'ana. "Jeke sabwera."