Komiti Yathu Siinkayenda Pamvula

Anandisankha kukhala mlembi wa komiti yoyendera antchito a kuesiteti ya labala pa chifukwa chimodzi chokha: ndinakhalako ku Lilongwe zaka zitatu, ndiye mpingo wathu wa kufupi ndi Chintheche unagamula kuti Chichewa changa n'chokwanira. Antchitowo ambiri anali ochokera kumwera ndi pakati, ndipo Chitonga chathu chinkangowadutsa m'makutu.

Wapampando anali mkulu wa mpingo, mwini maukonde, amene tonse tinkangowatchula kuti Ada. Adawa anabadwa atavala jekete. Azamba amene anawalandira anamwalira, apo ayi ndikanakutumizani mukafunse nokha.

Malamulo a komiti anali awiri. Tizinyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanafike pamutu, poti masana Ada amasoka maukonde. Lachiwiri, kukagwa mvula ulendo walephereka. Kwathu kuno mvula imagwa ngakhale miyezi imene kalendala yakaniza, choncho lamuloli linkagwira ntchito kuposa komiti yeniyeniyo.

Ulendo woyamba tinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka kunyumba za antchito. Tinapeza amayi, ana ndi nkhuku. Mwamuna ayi, ngakhale mmodzi. Ngakhale pa nkhukupo tambala panalibe, sindikuwonjezera. Ada anayang'ana uku ndi uku, n'kulalikira za amuna othawa mawu a Mulungu, ine n'kumamasulira kwa akazi awo.

Titamaliza, mayi wina wa ku Phalombe, khanda lili kumbuyo, anagwada pafupi nafe.

"Abambo, ine ndili ndi pempho. Ntchito ya amuna anga ikutha kumapeto kwa mwezi wa mawa, tikubwerera kumudzi. Kalata yathu ya mpingo ili kuno. Mwanayu amadwaladwala, sindikufuna kukwera naye basi asanabatizidwe."

Mwambo wathu umati mwana asanabatizidwe, mkulu wa mpingo akhale pansi ndi makolo onse awiri panyumba pawo, awafunse mafunso, kenako dzina lipite kwa abusa. Ada anafunsa kumene bambo a mwanayo anali.

"Ali m'mitengo. Amalawirira kusanache, amatsika atatula utomoni kusikelo, masana ndithu. Lamulungu nalonso amatema, kubweza masiku amene mvula inawadyera. Koma mukabwera tsiku la mvula muwapeza ali pakhonde pano. Khungwa likanyowa satema, utomoni umasakanikirana ndi madzi."

Ndinamasulira mawu onse, limodzilimodzi, n'kuwalembanso m'buku la komiti. Ada anagwedeza mutu mwachifundo.

"Mwamuna aliyense ali ndi chonamizira chake," anatero. "Tibwera Loweruka likubwerali, kukacha bwino."

Kunachadi bwino. Tinapita, bamboyo kulibe. Loweruka lotsatira kunagwa mvula, tinakhala kunyumba, iye ali pakhonde kutidikira. Linalo kunawala, tinapitanso, tinapeza mayi uja, khanda lija, ndi galu amene anali atayamba kutidziwa maina. Mayiyo sanatikwiyire. Bola akanakwiya. Anangotiyalira mphasa n'kunena kuti, "Zikomo mwabweranso tsiku la dzuwa."

Nkhaniyi ndinaitulutsa pamsonkhano wa komiti. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa Sande sukulu: dzuwa likawala ife tilipo iye kulibe, mvula ikagwa iye alipo ife kulibe. Tinakambirana maola atatu. Bambo wina anati kuyenda pamvula n'kuyesa Mulungu. Wina anati agogo ake anatsegula mipingo isanu ndi iwiri kuyambira Kande mpaka Mpamba osanyowapo ndi tsiku limodzi. Pamapeto anagwirizana kuti ndilembere bamboyo kalata yomuuza kuti Loweruka asapite kuntchito.

Yankho linabwera kuseri kwa kalata yathu yomweyo: kapitawo wamulola tsiku limodzi lokha, ndipo akulisungira ubatizowo. Pansi pake mayi uja anawonjezera kuti kapitawoyo si wa mpingo wathu.

Kunatsala milungu iwiri. Loweruka lotsatira mvula inakhuthuka moti nsomba zinkabwera kudzausa pakhonde panga, ndipo ndikulumbira kuti imodzi inandipatsa moni. Ndinatenga maambulera awiri ndi buku la komiti, ulendo kwa Ada. Sindinatsutsane nawo. Ndinakhala pakhonde pawo n'kuyamba kuwerenga mokweza mawu a mayi uja. Nditamaliza, ndinayambiranso. Kachisanu ndi chiwiri, akazi awo anatuluka m'khitchini.

"Bambo, tengani mlembi wanuyu muzipita naye. Ine mutu wandipweteka."

Anawamanga majumbo kunsapato n'kuwakankhira panja.

Akabaza anakana matope, tinayenda pansi. Njira yonse Ada sanandilankhule, ankangolankhula ndi jekete lawo. Titafika, nyumba zija zinali zodzaza amuna. Ena akunola mipeni yotemera, ena akusewera bawo, wina akumeta mnzake. Ada anaima chilili, madzi akutsika m'khosi.

"Anthu onsewa achokera kuti?"

"Ndi omwe mwakhala mukuwalalikira aja, Ada."

Bambo a mwana uja anali munthu wamfupi, wofatsa, zala zake zakuda ndi utomoni wouma. Anapukuta mpando ndi malaya ake.

"Takulandirani, abambo. Ine ndimayesa mpingo wa kuno umasungunuka ukanyowa."

Pamenepo sindinamasulire. Mafunso onse anatenga mphindi khumi. Ndinayang'ana pafoni poyamba ndi pomaliza. Mwezi wathunthu ndi sabata, chifukwa cha mphindi khumi.

Mwanayo anabatizidwa Lamulungu lomaliza, bambo ake atavala malaya obwereka, ndipo Lachiwiri banjalo linakwera basi. Mayi uja anagwira dzanja langa ndi manja awiri, n'kuyesa mawu a Chitonga amene anaphunzira: "Yewo, Ada," kutanthauza kuti zikomo, bambo. Ndinasangalala, koma kwa masiku anayi okha.

Pamsonkhano wotsatira Ada anabwera ndi chimfine. Anauza mpingo kuti chifukwa cha kulimbikira kwa komiti, amuna a kuesiteti alapa ndipo ayamba kupezeka pakhomo. Anthu anaomba m'manja. Kenako anati thupi ndi kachisi, silofunika kulinyowetsa, ndiye zimene zinachitika zija zisadzachitikenso. Onse anavomera. Ndinalemba ndi dzanja langali.

Masiku ano kukada mitambo ndimapita ndekha. Amuna aja ndimawapeza, timapemphera, amandiwotchera chimanga. Koma ine sindine mkulu wa mpingo, mafunso aja sindiloledwa kufunsa. Ndimangolemba maina. Pakadali pano pali makanda anayi odikira ubatizo, ndipo limodzi layamba kale kuyenda. Bambo ake anandifunsa sabata yatha ngati angadzalitume lokha kwa Ada likadziwa njira.